Nowa Wathawira ku Sitima

Lolemba

Mayeso atha. Sukulu titsekera Loweruka. Makolo aitanidwa onse, ndipo a Padiri, wansembe wathu wa ku misoni, alonjeza kudzaona ndi maso awo. Chaka chatha tinangoimba nyimbo, makolo n'kumawodzera. Chaka chino ayi. Tichita sewero la Nowa ndi chingalawa chake, m'Chipwitikizi, chilankhulo cha boma kuno!

Sikuti ndikufuna kutchuka. A Padiri anandiuza mosabisa kuti ana akapitirira kuchepa, kasukulu kathu ka kuno ku Ngauma akatseka, ine n'kukanditaya kudera kumene sindidziwa ngakhale moni wake. Makolo kuno akuti mwana akadziwa kulemba dzina lake basi, abwere adzasoke fodya. Ndiye aone okha zimene ana awo aphunzira.

Zofunika:
nsungwi ndi udzu, za chingalawa
khonje, la ndevu za Nowa
nkhunda yamoyo
zikho za madzi, imeneyo ndiyo mvula

Nowa akhala Afonso, chifukwa ndi wamtali ndipo akafuula amamveka mpaka kudambo. Ena onse akhala nyama, ziwiriziwiri.

Ndafunsa amene akufuna kukhala mkango. Manja onse m'mwamba. Nanga nkhumba? Zii.

Lachiwiri

Nyama ndagawa ndekha, mwachilungamo. Dzuwa lisanafike pamutu, mayi Agata ali pakhomo la kalasi, khasu lili paphewa. Kuno mphunzitsi amamutchula kuti Porofesolo.

"A Porofesolo, mwana wanga ine akhale fisi? Mwamva chiyani za banja lathu?"

Fisi ndamutsitsa m'chingalawa. Kadzidzi nayenso ndamutsitsa ndekha, asanabwere amake.

Kenako bambo Mbewe: "Mwana wa a Mbewe angakhale mphaka? Mukufuna adye makolo ake?"

Mphaka watsika.

Tsopano ndili ndi mikango yodzaza kalasi, njovu zochepa, ndi kamba mmodzi amene wadzipereka yekha chifukwa sakonda kuthamanga.

Afonso naye! Mawu ake oyamba ndi apafupi: "Vem aí a chuva," kutanthauza kuti mvula ikubwera. Iye akufuula "chave," ndiye kuti kukubwera kiyi. Tabwereza mpaka mmero wanga wauma. Kiyi akubwerabe.

Amene akumunong'oneza mawu olondola ndi Rozina, wogwira nkhunda. Mwanayu ali ndi mutu. Koma bambo ake, a Simoni, anandiuza kale kuti sabata ino ndi yomaliza, wakula, akathandize amake kumunda. Ndikaganiza zimenezi choko chimandilemera.

Lachitatu

Chingalawa chaima! Nsungwi zowongoka, denga la udzu watsopano, khomo lotsekeka bwinobwino. Ndaima patali n'kuchiyang'ana, mtima uli mbee. Nowa weniweni akanachita nsanje.

Tapita kukadya. Pobwera tapeza mbuzi za m'mudzi zili m'kati, zina pamwamba. Denga latsala theka. Nyama zenizeni zalowa osaitanidwa, ndipo sizinalowe ziwiriziwiri.

Nkhunda ndabwereka kwa mnansi wanga. Poyeserera, Rozina waiulutsa monga ndinamuuzira. Yauluka bwino kwambiri, molunjika kwawo. Mwini wake akuti yabwera ndi mantha, sabwereketsanso.

Ndapempha nkhuku yoyera ya akazi anga. Avomera, koma ndi chenjezo.

"Ikakabwera yopanda nthenga, mazira muziikira ndinu."

Ndavomera.

Lachinayi

Afonso kulibe.

Ndatuma kamba kukamuitana, n'chifukwa chake yankho lafika mochedwa. Akuti amalume ake ogwira ntchito kunjanji ku Cuamba anabwera dzulo, ndipo m'mawa uno akwera naye lole kuti akaone sitima. Loleyo imadutsa pano mwa apo ndi apo, sakanadikira Loweruka. Amake akuti ndisadandaule, adzachita sewerolo akabwerako.

Nowa wasiya chingalawa, wasankha sitima!

Ndayesa anyamata ena. Woyamba wavala ndevu, wayamba kukanda, khonje likuyabwa, wazitaya. Wachiwiri akudziwa mawu koma akuwalankhulira m'malaya. Wachitatu akuti akhala Nowa pokhapokha aziloledwa kubangula ngati mkango.

Ana atatuluka, Rozina watsalira akusesa.

"A Porofesolo, mawu onse a Nowa ine ndikuwadziwa."

Nowa wamkazi? A Padiri adzati chiyani? Nanga a Simoni, amene safuna n'komwe kuti mwana wawo aziima pamaso pa anthu? Ndamuthokoza, ndakana.

Lachisanu

Ndayesa Luka, fisi wathu wakale uja. Waima, watsegula pakamwa, walira.

Ndaitana Rozina. Wanena sewero lonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndi mawu a Mulungu omwe, amene ndimayenera kunena ine nditabisala kuseri kwa mtengo wa mango. Pamalo pena wandikonza.

Chabwino. Ndevu, jekete langa lakale, chipewa chofika m'maso. Palibe adzamuzindikire. Khonje likumuyabwa, ndikuona khosi lafiira, koma sakukanda.

Tayeserera mvula. Ndawauza kuti aziwaza pang'onopang'ono ndi zala. Ndabwerera kunyumba madzi akuchucha m'makutu.

Wina wochokera ku Mandimba akuti wakumana ndi a Padiri panjira, njinga yawo yamoto yafa, akuikankha. Mwina abwera pa njinga yakapalasa. Mwina.

Zotsala:
denga, theka
utawaleza, chitenje cha akazi anga (sindinawauze)
mtima wanga, sukukhazikika

Loweruka

Anthu adzaza pansi pa mango, kuposa chaka chatha. Mbiri ya fisi ndi mphaka yafika midzi yonse, aliyense akufuna kuona. A Simoni akhala kutsogolo, manja apinda pachifuwa.

Tadikira a Padiri mpaka makanda ayamba kulira. Tayamba opanda iwo.

Nowa watulukira ndi ndodo. Wakweza dzanja: "Vem aí a chuva!" Mvula, osati kiyi! Mawu omveka ngati belu. Makolo sakumva kanthu koma onse ali chete, ena akugwedeza mitu ngati akuvomereza.

Kenako nyama. Mikango yonse ikufuna kulowa nthawi imodzi. Khomo lathyoka. Njovu yaponda kamba. Mvula yayamba ndisanapereke chizindikiro, ndipo yagwera mzere wakutsogolo. Mayi Agata anyowa mpaka mpango. Bambo Mbewe akudzitchinjiriza ndi mpando.

Nkhunda yathu, nkhuku ija, yaponyedwa m'mwamba. Yatera pamutu pa Nowa, yakodwa m'ndevu, yathawa nazo. Galu wa munthu wina waithamangitsa, wadutsa pansi pa chingalawa. Chingalawa chapendama, chaganiza pang'ono, chagona pansi.

Fumbi. Chipewa chagwa. Pakati pa nsungwi paima mtsikana wovala jekete langa.

A Simoni aimirira. "Ameneyu si Rozina?"

Ine ndili kuseri kwa mango. Mawu a Mulungu andithawa.

Rozina wayang'ana bambo ake. Wapitiriza, wanena mawu ake otsala, wanenanso anga, osaphonya. Atamaliza watembenukira kwa makolo, wawamasulira m'Chinyanja, zimene sindinamuphunzitse: "Akuti mvula yatha, tulukani nonse, dziko ndi lanu, kalimeni."

Nthungululu! Amayi avula mipango yonyowa akuikupiza m'mwamba. Mikango ikubangula. Kamba akuvina.

A Simoni akuzungulira gulu lonse akugwira anthu pamkono: "Mwamva? Chipwitikizi chonse chija chimatuluka mwa mwana wanga! Ine ndimayesa ndi mnyamata wa ku Mandimba!"

Afika pa ine, nkhope aiumitsanso. "A Porofesolo, ndevu musadzamuvekenso." Akhosomola. "Koma chaka chamawa abwere. Kumunda tiona chochita."

Ndangowagwira dzanja ndi manja onse awiri.

A Padiri afika dzuwa litapendeka, akukankha njinga yakapalasa, mkanjo uli fumbi lokhalokha. Apeza mulu wa nsungwi ndi makolo onyowa akuseka. Andifunsa ngati zayenda bwino.

"Chigumula chinalipo ndithu, Bambo."

Ayang'ana khamu lonselo, akanda chibwano. Za kutseka sukulu sananenepo kanthu.

Lamulungu

Mawu andithera. Nyimbo za m'tchalitchi ndaimba ndi milomo yokha. Akazi anga sakundilankhula, aona chitenje.

Ndimati tchuthi chino ndikapume kwa achimwene ku Lúrio, ndikagone pamphasa osamva mwana aliyense akuitana "a Porofesolo." Potuluka m'mapemphero ndapeza makolo andidikira pakhomo, aliyense wagwira kamwana padzanja. Akufuna ndiwalembe a chaka chamawa. Ena ndi aang'ono moti dzanja silifika kukhutu akalidutsitsa pamutu. Ndawalemba omwe ndingathe.

Mabenchi sakwana, ngakhale ana atakhala mothithikana. A Padiri akuti matabwa kumisoni kulibe, koma mitengo m'phiri ilipo yambiri, ndipo aona kuti ndine munthu wodziwa kumanga.

Ku Lúrio ndiye kwalephereka.

Kamnyamata kena kamamina kandikoka buluku, kakufunsa ngati mawa kuli sukulu. Ndakauza kuti kulibe, tatsekera. Kakuti kabwerabe.

Kabwere. Ine ndikanole nkhwangwa.