Amalume Akukana Bala Laling'ono

Lolemba

Si nyamakazi. Si kulodzedwa. Si ulesinso, monga akunenera anthu ena kuno ku Philippi, m'dziko la eni lino. Njira yodutsamo mitsempha m'munsi mwa msana wa amalume yapanikizika, n'chifukwa chake akayenda pang'ono miyendo imachita dzanzi mpaka akhale pansi. Ndinaphunzira zimenezi ku yunivesite ndisanasiyire panjira. Anzanga amene anamaliza ali m'maofesi, ine ndikutsuka mbale m'lesitilanti ku Sea Point, koma msana ndimaudziwa.

Lachisanu amalume akukasaina za opaleshoni. Akakana, malo awo apita kwa wina. Ntchito yanga sabata ino: kuwachotsa mantha.

Lachiwiri

Ndabwera ndi fupa la msana wa nkhosa kuchokera kuntchito. Phunziro lili motere:

- kabala kochepa ngati chikhadabo
- amalowetsa kachubu ndi kakamera, n'kupala fupa lomwe likupana mitsempha
- magazi otayika ndi ochepa
- mawa lake kapena mkuja, kunyumba

Akugwedeza mutu bwinobwino mpaka mfundo yomalizayo.

"Mkuja? Nanga anthu adzandizonda liti?"

Lachitatu

Kani si mantha! Zaka zonsezi amalume ndi wapampando wa komiti yoyendera odwala kutchalitchi kwawo. Anyamulira anthu malalanje ndi thobwa, aimba m'mawodi mpaka manesi kuwadziwa dzina. Lero nthawi yawo yakwana, ine n'kuwalonjeza usiku umodzi.

Zimene akufuna: mpeni weniweni, zitsulo kumsana, masabata awiri pabedi, ndi chipsera choti akavula malaya anthu agwire pakamwa.

"A Gondwe anangothyoka chala chakuphazi, kwaya inapita kawiri. Ine msana wathunthu, andiboole ngati thumba la chimanga?"

Lachinayi

Ndadzichepetsa. Ndaimbira Mayi Nachisale, mlembi wa komitiyo, ine amene chaka chino sindinapondeko m'tchalitchi. Ndapempha kuti akatuluka, kwaya idzabwere kunyumba.

"Mwanawe, wodwalira kunyumba timamutumizira anthu awiri. Kwaya ndi ya ogonekedwa kupitirira masiku atatu. Lamuloli analikhazikitsa ndi amalume akowo."

Kenaka andifunsa ngati sukulu ija ndidzamalize. Foni yaduka yokha.

Lachisanu

Matekisi awiri, mzere wautali. Adokotala ndi mkazi wa msinkhu wanga. Ndakonza pakhosi kuti ndimasulire. Amalume akuyankha okha m'Chingerezi, chomwe kunyumba amati sachimva!

Adokotala akufotokoza modekha: pa msinkhu wawo, ndi mtima wawo wofookawo, kudula kwakukulu n'koopsa, ndipo msana wawo sukusowa zitsulo. Amalume akufunsa ngati angagoneko masiku asanu ndi awiri. Mabedi ndi ochepa. Asanu? Ayi. Anayi, ngakhale pakhonde? Kunenerera ngati akugula tomato.

"Ndikaganize," atero, n'kuvala chipewa.

Pepala labwerera mufayilo lopanda siginecha.

Loweruka

Sitikulankhulana. Fupa la nkhosa lija ndaphikira nyemba. "Mchere wachepa." Mawu awo a tsiku lonse ndi omwewo, kwa ine. Kwa odutsa pakhomo akulengeza kuti madokotala aona matenda awo n'kuchita nawo mantha.

Ndalemba mfundo zinanso zisanu ndi imodzi, zomveka bwino kuposa za Lachiwiri. Pepalalo aphera ntchentche.

Lamulungu

Ndasiya. Msana ndi wawo, lamulo ndi lawo. Uthenga wa kuchipatala unalowa pafoni yawo Lachisanu madzulo, andionetsa lero: malo apatsidwa kwa wina, iwo abwerera kumapeto kwa mndandanda.

Masana ano komiti ikukazonda mayi wina wogonekedwa ndi shuga. Amalume avala jekete, atenga buku la nyimbo, akana mkono wanga. Tekisi ya kwaya ikudikira pamsewu, nyumba zisanu ndi zitatu kuchokera pano. Pa nyumba yachitatu akhala pansi, pa kreti ya eni ake.

Tekisi yaliza hutala kawiri, yanyamuka.