Apolisi Ali Pakati pa Masitepe

Lolemba

Ababa abwera ndi ma ova-ova awiri akalekale, mawayilesi oyankhulirana aja, ochokera kupolisi! Ndi a komiti yolondera m'mudzi, poti akuba kachewere atikwana. Wapolisi walemba nambala yawo yatsopano pa kapepala, akuti tiyike tokha. Ababa, monga tcheyamani, alengeza pagulu: "Mwana wanga wamkazi ali Fomu 2, Chingerezi amachita kumwa, nambalayi ayika ndi iyeyu. Loweruka tiyankhula ndi apolisi." Ine maso pansi. Koma mumtima, eee!

Zofunika: kabuku ka malangizo (masamba awiri adadyedwa ndi chiswe), mabatire, achimwene Gelesomu atalikire.

Lachiwiri

Nambala ya apolisi ikuthera 12.5. Ndikapotokola kachitsulo: 00, kenako 25, kenako 50. Pakatipo palibe! Ndayesa kupotokola pang'onopang'ono ngati ndikunyengerera khanda. Ikudumphabe.

Amayi: "Itsegule tizimvera nyimbo." Ndafotokoza katatu kuti si ya nyimbo.

Lachitatu

Ndakwera pachulu cha kuseri kwa tchalitchi, mphepo ya ku Bembeke ikundiluma makutu. Pa 00 phokoso lokhalokha. Pa 25 apolisi akumveka ngati akuyankhulira mu mtsuko. Ndadina batani: "Zikomo kumeneko." Sakundimva. Wayankha ndi dalaivala wa lole: "Iwe kamtsikana, choka pa mzere wathu, kapena ubwere tikukwatire!" Ndazimitsa. Ndatsika pachulupo chothamanga.

Lachinayi

Kuboma, kwa a Yusufu okonza mawayilesi. Ayitembenuza, ayinunkhiza, aseka. "Mwanawe, iyi ndi nkhalamba, imayenda masitepe aakulu. Apolisi asamukira pakati pa sitepe. Olo uyipempherere." Ndafunsa ngati pali njira. Akuti ilipo: kugula ina.

Ababa pageti: "Zatheka?" Pakamwa panga payankha pokha: "Zatheka, ababa." Mayo ine!

Lachisanu

Ababa akuyeserera. Akuvula chipewa asanadine batani. Moni wawo wokha mphindi zitatu, mpaka kufunsa za ana a apolisi.

Pulani: ma ova-ova awiriwa amamvana okha bwinobwino. Achimwene ali ndi mawu a besi. Akabisala m'nsungwi kudimba ndi inayo, akhale apolisi. Avomera msanga kwambiri, zikundiopsa. Malamulo: asaseke, asatalikitse, asamwe.

Loweruka

Komiti yonse pakhonde, ena ndi malaya a zipani zawo, lero okha sakukangana. Ababa adina, apereka moni. "Polisi pano, tikukumvani, ova." M'manja! Amayi nthungululu! Ine ndikumva ngati ndakhoza mayeso.

Ndiye ababa akhosomola. "Bwana, poti mwapezeka. Wakuba mmodzi ndikumudziwa, ndi mwana wanga yemwe, Gelesomu. Matumba awiri a kachewere adasowa mwezi watha. Mudzamugoneke kumeneko masiku atatu aphunzire. Ova."

Komiti yonse maso pa ova-ova.

Kenako apolisi, mawu atachepa: "Linali thumba limodzi, ababa. Linalo ndi amalume. Ova."

Amalume ali pomwepo, ndi mlembi wa komiti. Ndalowa m'nyumba mosatsanzika.

Lamulungu

Kutchalitchi aliyense akundipatsa moni wa "ova". Amalume atula pansi udindo. Achimwene sadabwerebe kuchoka kudimba, ova-ova inayo ali nayo komweko, akumafunsa ngati mitima yazizira kunyumba. Ababa sadandikalipire, angondiyang'ana nthawi yaitali, bola akadandikalipira.

Komiti yagamula: kukagwa vuto, apolisi tizikawauza pa njinga monga kale. Mtunda wonse uja, zitunda zokhazokha. Wopalasa wasankhidwa kale popanda wotsutsa. Akuti poti ndimatha kuyankhula nawo.