Tsiku Limene Ndinagiredi Fodya wa Atsibweni

Nkhani iyi mkazi wanga anandiletsa kuinena pagulu. Koma poti ku Nathenje konse akuidziwa kale, ndipo aliyense akuithira mchere wake, bola muimve kuchokera kwa mwini manyaziwo.

Ine ndine mlimi wa fodya, wa ku Mitundu. Bambo anga anali tenanti pa esiteti ina cha kufupi ndi Dzalanyama, ndipo ine ndinakulira m'chigafa. Ndinadziwa kusankha fodya ndisanadziwe kulemba dzina langa. Tsamba ndikangoligwira ndimadziwiratu ngati ogula akalikonde kapena akalibweze. Sindikudzitama ayi. Chabwino, ndikudzitama pang'ono, ndipo kudzitama komweku ndi kumene kunandigwetsa chagada.

Nditakwatira Nambewe ndinakakhala chikamwini kwawo ku Nathenje, pomwe munda wanga unali ku Mitundu. Ndinkapalasa njinga uku ndi uku mpaka msana kuuma. Chomwe ndinkalakalaka chinali chitengwa basi, andilole kutenga mkazi wanga ndi mwana wathu Takondwa tikakhale kwathu. Koma mwini mbumba, atsibweni ake a Nambewe, a Gwaza, yankho lawo linali limodzi chaka ndi chaka: "Tiona chaka cha mawa."

A Gwaza anali munthu wa ulemu wake. Unyamata wawo wonse anagwira ntchito m'hotela ku Joni, ndipo anabwerako ndi chipewa chakuda ndi kaliwo. Ndudu sankaiyang'ana n'komwe. Chingambwe ankati ndi kutentha zinyalala pakamwa. Fodya wawo anali wa m'tizitini ta kunja, tina anabwera nato okha, tina ankawatumizira mwana wawo wa ku Mangalande. Tonse tinkakhala m'kabati ya galasi pabalaza, titandandalikidwa ngati ana a kwaya.

Chitini chilichonse anachipatsa dzina potengera chithunzi cha pachivundikiro. Panali Kaputeni, wa sitima ya pamadzi, yemwe ankamusuta Lamulungu masana. Panali Dona, wonunkhira ngati keke, wosutira pamaso pa alendo. Panali Mlenje, wa galu ndi mfuti. Ndiye pashelefu ya pamwamba, payekha, panali Kadzidzi, chitini chomwe sichinatsegulidwepo. Nthawi zina ndikamadutsa pakhonde ndinkawamva akuuza anzawo kuti, "Kadzidziyu musamuone phee choncho, akupsa. Tsiku lake lidzafika."

Ine ndinkangoti akuluakulu ndi zidole zawo. Mkamwini salowa pabalaza pa eni mwachisawawa, choncho zitinizo ndinkangoziona pawindo.

Chaka chimenecho ndinapangana ndi ankhoswe anga, a Zuze, kuti abwere Lachisanu madzulo adzapemphenso chitengwa. Sabata yonseyo ndinasanduka mkamwini wa golide. Ndinalambula njira, ndinakonza khola la mbuzi, ndinanola makasu a mudzi wonse osatumidwa.

Lachisanu m'mawa, mvula itagwa usiku wonse, a Gwaza anandiitana.

"Akamwini, ine ndikupita kuchipatala ku Nkhoma akandione maso. Lata likudontha pamwamba pa kabati yangayi. Muisunthe kabatiyo, mumate bowolo."

"Musadandaule atsibweni. Mudzapeza zonse zili m'malo."

Mawu amenewa ndikamawakumbukira ndimafuna kulowa pansi.

Nambewe anabereka mwana n'kupita kuchigayo. Pakhomo ndinatsala ndekha ndi nzeru zanga.

Pokoka kabati ija, chitini cha Kaputeni chinagwa, chivundikiro n'kugubuduzikira kunsi kwa mpando. Nditawerama kuti nditole, ndinangoti kakasi. Fodyayo anali wonyowa. Wofewa, womata m'zala, ndipo pamwamba pake panali timadontho toyera. Mlimi aliyense amatidziwa timadontho timeneti. Chuku! Belo likapezeka nato ku okushoni ndi rijekiti pompo, ubwerera nalo kwanu ukulira pamwamba pa lole.

"Mvula yawalowera atsibweni," ndinadziuza ndekha.

Ndinatenga mpeni n'kutsegula Dona. Wonyowa. Ndinatsegula Mlenje. Ameneyo ndiye anali atachita kugwirana ngati chigumu, moti ndinayamba kumufikisa m'manja kuti apume. Ndinapitirira shelefu yonse, chitini ndi chitini, ndipo chilichonse chimandiuza nkhani yomweyo.

Nditafika pa Kadzidzi ndinaima kaye. Kamtima kena kanandinong'oneza kuti iwe, chisiye chimenecho. Koma kamtima ka ukatswiri kanayankha kuti ngati atsopanowa ayamba kuwola, nanga wokhalitsayu ali bwanji? Ndinalowetsa mpeni. Chitini chinati psiii, ngati munthu wousa moyo.

Fungo lake linandibweza m'mbuyo. Linali ngati la nyumba yopsa imene mvula yaizimitsa. Fodyayo anali wakuda bii ngati makala a ku Dzalanyama, timadontho toyera tili mbuu paliponse. Kunena zoona ndinawamvera chisoni a Gwaza. Munthu wamkulu, woyenda maiko, kusunga zowola zaka zonsezi osadziwa.

Apa m'pomwe ndinaona mwayi wanga. Ndinati lero atsibweni adziwa kuti mwana wawo anakwatiwa ndi ekisipati.

Mwamwayi, kapena nditi mwatsoka, dzuwa linatuluka. Ndinayala mphasa pabwalo n'kukhuthulirapo zitini zonse pamodzi. Kenako ndinakhala pansi, miyendo tambalale, n'kuyamba kugiredi monga anandiphunzitsira bambo anga. Wowala uku, wofiirira uko, wakuda pambali. Zakuti uyu wachoka mwa Dona, uyu mwa Kaputeni, ine sizinandikhudze. Giredi ndi giredi. Ndinkautembenuza ndi dzanja kwinaku ndikuimba kanyimbo ka kutchalitchi, ndipo pofika masana unali utauma wonse, ukuchita kulira tswatswa.

Wakuda uja sindinataye, ine si munthu wowononga. Kukhitchini kunali thadzi lofungatira mazira lomwe utitiri unalisowetsa mtendere, ndipo aliyense amadziwa kuti fodya wotsalira amathamangitsa utitiri. Ndinalinyamula thadzilo, ndinamwaza Kadzidzi yense m'chisa, n'kulibwezeretsa. Linandiyang'ana, linadzigwedeza, n'kukhala bwinobwino.

Zitini ndinazikwecha ndi phulusa mpaka kung'anima. Kaputeni anataya theka la sitima yake, koma ukhondo ndi ukhondo. Pobwezeramo fodya ndinaona kuti wachepa, poti anali atauma ndipo wakuda anali atapita kwa nkhuku. Ndinathamangira kunyumba kwanga, ndinatenga masamba anga a fodya wa bale osankhika, omwe ndinkasungira kuonetsa anthu, ndinawaduladula pathabwa n'kudzazira chitini chilichonse mpaka pakamwa. Mwaulere, popanda kuwerengera.

Ndikumalizitsa, Nambewe anatulukira ndi thumba la ufa pamutu. Anayang'ana mphasa, anayang'ana zitini, n'kundiyang'ana ine.

"Bambo a Takondwa, ichi n'chiyani?"

"Ndapulumutsa chuma cha atsibweni. Chikanawola chonse."

Anatula thumba pang'onopang'ono.

"Kadzidzi ali kuti?"

"Pansi pa thadzi."

Mkazi wanga anakhala pansi pomwepo, padothi lonyowa, manja ali kumutu. Sanalire, sanakalipe. Anangoti, "Ine ndinali kuchigayo. Aliyense anandiona ndili kuchigayo." Kenako analowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

Ndinangoti akazi sadziwa za fodya.

Dzuwa litapendeka a Gwaza anafika, ali limodzi ndi a Zuze omwe anakumana nawo pa siteji ya minibasi. Kuchipatala anali atawathira mankhwala m'maso, ndiye anavala magalasi akuda, a Zuze atawagwira pamkono. Atangolowa pabwalo anaima njii. Anakweza mphuno m'mwamba.

"Ndikumva Kadzidzi."

Ananunkhizanso.

"Ndikuti ndikumva Kadzidzi panja pano. Wamutsegula ndani?"

Ine ndinabwera kutsogolo, ndinagwada mwaulemu, n'kuyala zitini pamapazi pawo.

"Ndine atsibweni. Fodya wanu yense anali atanyowa, chuku chili mbuu. Ndamuyanika, ndamugiredi. Uyu ndi giredi wani, uyu giredi thuu. Pomwe panaperewera ndawonjezera wanga, kwalite yeniyeni ya ku Mitundu."

A Gwaza anavula magalasi. Maso awo anali ofiira, akutuluka misozi, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati anali mankhwala aja kapena ine. Anatola chitini cha Dona, anatsinamo pang'ono, fodya n'kungosanduka fumbi m'zala zawo.

"Mwamuyanika."

"Eya, atsibweni."

"Padzuwa."

"Linali labwino kwambiri lero."

Anapempha mpando. A Zuze anathamanga kukautenga.

"Akamwini," anatero atakhala, mawu ali pansipansi, "fodya wa kaliwo amayenera kukhala wofewa. Amamutsekera dala choncho. Toyera mwationato si chuku, ndi shuga wa tsamba lomwelo, amatuluka fodya akakhalitsa. Anthu amadikira zaka kuti atione."

Ine ndinafunsa chapansipansi.

"Nanga wakuda uja, wonunkha utsi?"

"Amamufukiza dala ndi nkhuni zonunkhira, kutali uko kwa Aluya. Kadzidzi ndinamugula ku Joni chaka chimene Nambewe anabadwa. Fakitale yake inatsekedwa kalekale, simungamupezenso pena paliponse. Ndimadikira tsiku lodzakwanitsa zaka makumi asanu ndi atatu kuti ndidzamulawe." Anapukuta m'maso. "Mwamuika m'chitini chiti?"

Ndinangoloza kukhitchini.

Sindidzaiwala zomwe ndinaona. A Gwaza, munthu amene sindinamuonepo akuthamanga, anadzambatuka ndi jekete lawo la ku Joni n'kukagwada pamaso pa nkhuku. Anapisa dzanja m'chisa. Thadzi linawajompha. Anapisanso, linawajomphanso. Potsiriza anatulutsa kadzanja ka fodya wosakanikirana ndi nthenga ndi zina zomwe nkhuku imasiya, anakanunkhiza nthawi yaitali maso ali chitsinzire, n'kukabwezera pomwepo.

A Zuze anandiyandikira n'kundinong'oneza, "Iwe, njinga yako ili ndi mpweya?"

"Ili nawo."

"Ndiye ukudikira chiyani?"

Tisanasunthe, mvula inayamba. A Gwaza anadzuka, anasasa maondo, n'kunena kuti tonse tilowe pabalaza. Aka kanali koyamba kuti ine ndikhale pampando m'nyumba imeneyo, ndipo ndinakhalira kansonga kokha. A Gwaza anaitananso Nambewe, iye anadzakhala pansi pafupi ndi chitseko, maso ali pa zala zake.

Kenako tinamva kuti tho. Patapita kanthawi, tho. Dontho linkagwera pa chipewa chakuda chija, chomwe a Gwaza anachiika patebulo.

Anayang'ana kudenga, n'kundiyang'ana ine.

"Lata lija munamata?"

Bowo lija ndinali nditaliiwaliratu.

A Zuze anakhosomola. Munthu anachokera kutali, ndipo mawu anali atawakonza kale, ndiye anangoti bola awatule.

"Achimwene, tikudziwa kuti tsiku silinakhale bwino. Ifetu tinabwera ndi kapempho kaja ka chaka chatha, koma mwina tidzabwerenso zinthu zikadza..."

"Mtengeni."

"Pepani, mwati?"

"Ndati mtengeni. Mawa m'mawa."

Ine ndi a Zuze tinayang'anana. Nambewe anadzutsa mutu.

"Zaka zonsezi ndimakana," anatero a Gwaza, "chifukwa ndimati tisataye mkamwini wothandiza pamudzi. Lero thandizo lakelo ndaliona ndi maso anga odwalawa. Tengani Nambewe, tengani mwana, tengani ndi mphasa yomwe munayanikirapoyo. Galimoto ndilipira ndine."

Ndinagwada kuti ndithokoze, koma anakweza dzanja.

"Thadzi lokhalo mulisiye. Pamudzi pano ndi lokhalo lomwe lamulawa Kadzidzi, ndikufuna lizindiuza mmene amakomera."

M'mawa mwake tinasamukadi. Anthu a mudzi wonse anabwera kudzatiperekeza, ndipo ndikukwera galimoto mayi wina anafuula kuti, "Muyende bwino a Giredi Wani!" Dzinalo linakwera nafe galimoto, moti ku Mitundu nakonso ndi lomwelo. Tikapita kukacheza ku Nathenje a Gwaza amatilandira bwino ndithu, koma ndikangotsika njinga amayamba atseka kabati, kiyi n'kuika m'thumba la jekete, kenako moni.

Chitengwa ndinachipeza, koma musatengere njira yanga: mkamwini akaona chitini chotseka, manja aziika m'thumba.