Khwangwala Wovala Kolala

Lolemba

Makuponi a feteleza akuti tilandira Loweruka, pabwalo la sukulu. Chaka chatha tinaswera pamenepo kumangoyasamula. Chaka chino ayi! Ndikupanga masewera oti anthu azitayitsa nthawi podikira, onga aja ndinkaona ana a mabwana akusewera pathabwa, nthawi imene ndinkasesa kusukulu ina ku Mtunthama. Anga ndi a mbalame. Zikuthamangira kunkhokwe, yoyamba kufika yapambana.

Mudzi uno udziwe kuti mkamwini si wothirira nazale yokha.

Zofunika: thabwa (ndabwereka la pa jeke wodindira fodya wa mlamu wanga Gelesomu, ndimuuza bwino lino), dongo la pachulu, makala ojambulira, njere zowerengera, ndi anthu osandisokoneza.

Lachiwiri

Ndaumba njiwa, nkhanga, kakowa, khwangwala ndi kadzidzi. Zonse zikufanana ndi mbatata. Mkazi wanga Naphiri wanyamula njiwa n'kufunsa, "Kankhumbaka n'kachiyani?"

Malamulo mpaka pano:
Njiwa imayenda mabokosi awiriawiri.
Nkhanga ikadzidzimuka imabwerera m'mbuyo.
Khwangwala amaba njere za anzake.
Kakowa sayenda yekha, amatsata ng'ombe.

Vuto: m'masewerawa mulibe ng'ombe. Kakowa akadali poyambira.

Nazale ya fodya sindinathirire. Mawa.

Lachitatu

Tikuyeserera ndi Gelesomu. Thabwa lake sanalizindikire, Mulungu ndi wabwino. Koma kadzidzi wakana kumukhudza. "Alamu, mukuitana maliro pakhomo pano?" Kadzidzi ndamuponya kudzala, m'malo mwake ndaumba mleme.

Nkhondo! Mleme ndi mbalame kapena mbewa? Anthu adzadza pakhonde, ena asiya makasu kudimba. A Mwale, mkulu wa mpingo, agamula kuti ndi zonse ziwiri, ndipo aziyenda usiku wokha. Ife timasewera masana. Mleme wakhala pambali pa kakowa.

Kenaka a Mwale atola khwangwala, aona khosi ndalipaka laimu. "Kolala yoyerayi mukunena ndani?" Ndati ndi mmene analengedwera. "Nanga wovala kolala n'kukhalanso wakuba?" Achoka osatsanzika. Abusa amva lisanalowe dzuwa, ndikudziwa.

Komanso khwangwalayo akupambana ulendo uliwonse. Sindikudziwa kuti ndimuletse bwanji.

Lachinayi

Njere zowerengera ndapeza: chisononkho chimodzi chokha cha chimanga, mwa zija zapachikidwa kudenga la khitchini. Ndayala bwinobwino pathabwa, ndapita kukasuzumira nazale. Pobwera, nkhuku zili pamasewera! Njere zonse psiti. Tambala waima pa nkhokwe yojambula ija ngati wapambana ndi iye. Nkhanga ilibe mutu.

Chimangacho chinali mbewu ya apongozi anga, yamakolo, imene amasunga kuti mwina makuponi angatiphonye.

Apongozi sandilankhula pamaso, mwambo suwalola. Aima pakati pa bwalo n'kumalankhula ndi nkhuku, mokweza kuti ndi kutsidya amve: "Idyani, ana anga, idyani mbewu. Kuno tinalandira mkamwini wophunzira."

Ndakhala m'nyumba mpaka iwo atalowa.

Lachisanu

Fodya wa panazale wagona ngati ndiwo zofutsa. Naphiri sakuseka. "Akafa ameneyu, kankhumba kanu kaja mukadyera kwanu ku Kapelula."

Ndayanika mbalame padenga la nkhokwe kuti ziume, ndatenga makheni othirira. Chitsime, nazale, chitsime, nazale, msana kuchita kulira. Nditangothira kheni yomaliza, mvula! Yoyamba chaka chino, ya mabingu.

Ndathamanga, koma mochedwa. Njiwa, nkhanga, kakowa ndi khwangwala zasanduka chibuma chimodzi chokhala ndi kolala. Wapulumuka ndi mleme yekha, poti ndinamupachika chadodolido m'khonde. Yemweyo wosayendayo!

A Saidi a kugolosale andipatsa zitsekerero za mabotolo. Chofiira ndi njiwa, chobiriwira ndi nkhanga, chopindika ndi khwangwala. Munthu angokhulupirira.

Loweruka

Thabwa panjinga, ulendo kusukulu. Anthu ndi nyerere. Ndayala pansi pa mtengo, andizungulira. Ndikufotokoza za kakowa, wina akufunsa ngati wopambana alandira thumba la feteleza. Ndati ayi. Theka la anthu lachoka.

Galimoto ya makuponi yafika, ndipo alembi alibe tebulo, makalasi ndi okhoma. Mmodzi wayang'anayang'ana, maso ake agwera pa ine. "Bambo, tabweretsani thabwalo." Zitsekerero zonse wakhutulira pansi, thabwa walisanjika pa njerwa.

Mudzi wonse wadinda chala pamasewera anga. Ngakhale a Mwale. Ngakhale apongozi.

Dzina langa aitana ndikutolera zitsekerero m'fumbi. Wayankha ndi Naphiri. Kuponi wamanga pamfundo ya chitenje, akuti ndiiona tsiku logula feteleza, poti wonyamula thumba adzafunika.

Pochoka, alembi akweza thabwa m'galimoto. Akuti kumene akupita kulibenso tebulo.

Gelesomu wangolizindikira lili m'mwamba, likupita.

Lamulungu

Kutchalitchi ndakhala benchi yakumbuyo. Abusa alalikira osavala kolala, akuti kwatentha. Mpingo wonse watembenukira kwa ine.

Mlandu wa thabwa watha motere: ndizithirira nazale ya Gelesomu pamodzi ndi yathu, mpaka tsiku lowokera fodya.

Masana wabwera wogula nkhuku wa panjinga, wochokera ku Kaomba. Akuti kumeneko dzulo madzulo kunali chipwirikiti. Anthu ataona mabokosi ndi nkhokwe zojambulidwa patebulo la alembi, anati ndi mapu a boma osonyeza amene ayambe kulandira feteleza. Aliyense amakankhana kuti adinde chala pafupi ndi nkhokwe. Agogo ena akuti anakana kudinda pabokosi loyamba, mpaka anawasunthira patsogolo mabokosi awiri.

Ndiye kuti akusewera. Malamulo sakuwadziwa, koma nanenso ndinali ndisanamalize kuwapanga.

Makheni ali pakhomo. Gelesomu akuitana.