Maliro pa Kabaza

Usiku wathawu ndinalota zoipa, anzanga. Fanuwelo, tatsitsa wailesiyo.

Paja Loweruka ndinajambula maliro a bambo Chimwaza. Mwana wawo Tiyanjane ali ku Joni, mapepala alibe, sanabwere. Akudikira vidiyo kuti aone mmene anawaikira bambo ake. Ine ukwati woti ndikajambule ukundidikira ku Ntcheu. Ndiye kuti ntchito ithe msanga, memore ya kompyuta, ija imanyamula zinthu makina akamagwira ntchito, ndinaikwezera liwiro, kupitirira lomwe anailembera ku fakitale. Magetsi ake ndinawonjezera pang'ono. Pulogalamu yoyesa ngati memoreyo ikupirira ndinaidula itangoyamba. Ndinakopera maliro onse m'kompyutamo, khadi ya kamera nkufufuta. Makina ndinawasiya akuphika vidiyo, ine ulendo.

Ku Ntcheu ndinafika kutada. Resitihausi, bedi, tulo.

Ndiye ndikuona ndatsika basi m'tauni yachilendo. Pansi pobiriwira. Misewu yagolide, yoonda ngati ulusi. Kutentha kwake ngati ku Nsanje. Pa depoti akabaza awiri, aatali, zigamba zakuda pachifuwa.

"Ndinu bwana aja?" anatero wina. "Ife ndife memore yanu. Akuti mwalamula tizipalasa kawiri pomwe timapalasa kamodzi."

"Mungathe. Anzanu amatha."

"Anzathuwo si ife. Thirani."

Ndinawathira kachasu m'kamwa. Ankathetheka ngati waya wa magetsi.

Ndiye katundu wake maliro aja, oduladula. Uyu bokosi pakaliyala. Uyo kwaya yonse. Liwiro! Matayala kufuka utsi. Kumwamba fani yaikulu ikulira: "Ndapemerera, ndatopa. Kodi ine ndilibe kwathu?"

Mwadzidzidzi rodibuloko. Wapolisi wa chipewa choyera. Ndikumuyang'ana, khosi lachita makwinya, msana wasanduka chigoba. Kamba.

"Woyesa katundu ndine," anatero. "Kuyesa kwanga nkwa usiku wonse. Inu munandiimitsa ndisanamasule ndi thumba limodzi lomwe."

"Komatu sanagwe, bwana. Onani, akuyenda."

"Akadagwa mukadadziwa. Awa sagwa. Amataya kamodzikamodzi, osanena."

Ndinacheuka. Zoonadi. Mumsewu muli khutu. Uko vesi yachiwiri ya nyimbo, yapondedwa. Uko dzanja la abusa, likudalitsabe fumbi.

Akabaza akataya chinthu, amangotola china nkuikapo. Ndiye kumanda tinafika zonse zilipo, koma zosinthana. Mayi wamasiye akuseka ndi pakamwa pa khanda. Adzukulu akukumba m'mwamba, dothi likugwera ife. Mlembi wa mpingo waima kuti awerenge mbiri ya malemu, wamera nthenga, khwangwala. Akungobwereza mawu amodzi: "Anabadwa, anabadwa, anabadwa."

Mwadzidzidzi Tiyanjane uyu. Jekete lakozizira, chikwama m'manja.

"Achimwene, ndiwaone bambo."

Ndinatsegula bokosi. Suti ilipo. Tayi ilipo. Pankhope pali timabokosi tobiriwira ndi tofiira, tikuphethira.

Anayang'ana nthawi yaitali. Sanalire.

"Jambulaninso."

"Anakwirira kale, achemwali."

"Fukulani. Ine ndidikira."

Ndinatembenukira kwa akabaza aja kuti abwerere, akatole nkhope. Wina anandiseka, mano akusungunuka.

"Ife sitisunga, bwana. Timangonyamula. Inali yotani nkhopeyo?"

Ndinayesa kukumbuka. Inenso yandithawa.

Ndiye thambo lonse buluu. Zilembo zoyera zikugwa ngati matalala. Njinga zauma pamalo amodzi, mwendo m'mwamba. Kwaya yakakamira pa liwu limodzi, siikupuma. Ndikufuna kukuwa, nsagwada zagwirana.

Kenako go! go! go! Ndowa. Mayi wokolopa pa resitihausi akuigunditsa pachitseko changa.

Kusanayere bwino ndinali kale pa siteji. Ukwati wa eni ake ndausiya. Minibasi yoyamba, mpaka kuno ku Ndirande.

Kompyuta ndaipeza ikuyaka. Sinazime, sinadandaule. Yalemba kuti yamaliza bwinobwino. Foni ikunjenjemera m'thumbamu ndi Tiyanjane.

Fanuwelo, mausi iyo. Tsegula ndiwe. Ine ndiyang'ana kukhoma.