Kabwato ka Mkuyu Kamene Kanathetsa Ukwati wa Jelasi

Mwambi wa mkuyu uja chiyambi chake n'chotere, ndipo inu anyamata amene mwakhalira kuloza timabwato tapulasitiki pa foni, uyu akuti kofiirako, uyu akuti kachikasuko, pamene nkhafi simunaigwirepo, tcherani khutu. Ambiri amayesa kuti mwambiwu umanena za nkhuyu zakudya zija. Ayi ndithu, nkhani yake ndi ya bwato, ndipo mwini wakeyo ndinkamudziwa.

Dzina lake anali Jelasi, mnyamata wa kumapiri a ku Neno, kumene madzi akati aya kwambiri amalekeza m'mawondo. Anatsikira kuno ku Shire kudzagulitsa manachesi, maso ake n'kugwera Elube, mtsikana wa tsidya lija. Ankhoswe anakambirana bwinobwino, koma mayi a mtsikanayo, a Nasibeko, anaikapo mawu amodzi. Dimba lawo linali tsidya lino, ndiye anati mkamwini wosatha kuwaolotsa mtsinje alibe naye ntchito. Akawaolotsa bwino, Elube ndi wake.

Jelasi anapita kwa a Thombozi, mmisiri wosema mabwato. Pabwalo panali mabwato awiri. Lina linali lalitali, lambawa, lakuda bii, losaoneka bwino koma lokhazikika. Pansi pa mtengo panagona kena kakafupi kamkuyu, kopaka penti yofiira, m'mbali atajambulamo nsomba. Ana a mmisiriyo anakasema kuti azisewera nako m'mathithi, kuzungulira pa mafunde, kugudubuka n'kudzukanso. Chipitire anawo ku Joni, kanangokhala pamtunda pomwepo.

"Achimwene, aka n'kosewerera anthu odziwa kale madzi," anatero a Thombozi. "Kuyenda molunjika sikadziwa. Wophunzira amayamba ndi lalikululi."

Jelasi anayankha kuti lalikululo likuoneka ngati chodyeramo nkhumba, ndipo iye sanganyamuliremo apongozi. Mmisiri ataona kuti munthuyo wamva zake zokha, anamugulitsa kofiirako, koma anamuuza chinthu chimodzi. Bwato limene lakhalitsa pamtunda umalimiza m'madzi, n'kulipsinja ndi miyala, ligone momwemo masiku angapo, kuti ming'alu itsekeke ndiponso zokhalamo zisamuke. Jelasi anakana, ati penti ingasuluke. Ndikakumbukira zimenezi mtima umandiwawa mpaka lero. Ngakhale kuphunzira kupalasa, munthuyo ankaphunzirira pamchenga, atakhala pa mpando, kuopa kukanda kabwato kake.

Tsiku linafika. A Nasibeko anachoka kudimba ndi dengu la tomato, ife tonse tili padooko kuonerera, Elube ataima tsidya lija. Mayiwo anakayang'ana kabwatoko, n'kukhala kutsogolo, dengu pamiyendo. Kufupika kwa kabwatoko, mawondo a Jelasi anatsala pang'ono kugunda msana wa apongozi, munthu amene ukakumana naye panjira umapatukira kutchire.

Poyamba zinkayenda ndithu. Atafika pakati pa mtsinje, madzi anayamba kulowera pa mng'alu wakumbuyo, ndipo mumng'alumo ndi mmene nyerere zinamanga mudzi wawo. Zitaona kuti kwawo kwasefukira, zinatuluka chigulu kufuna pouma, ndipo pouma panali pa miyendo ya Jelasi.

Tsono inu mukudziwa kuti mkamwini sadzikanda pali apongozi. Jelasi analuma mlomo, n'kungogwedeza chiuno pang'ono. Kabwato aka anakasemera kumvera chiuno, ndiye kanazungulira. Anagwedezanso, iko n'kuzunguliranso.

"Bambo, kodi tikupita kwathu kapena tikubwerera kudimba?" anafunsa a Nasibeko osacheuka. "Mudzi wathu ndauona ukudutsa kangapo."

"Tikufika, amayi," anatero Jelasi, misozi ili chuchuchu.

Apo n'kuti nyerere zitafika malo amene sindingawatchule pano. Munthu uja anapirira mpaka kupirira kunatha. Anaika nkhafi pambali, iyo n'kupita ndi madzi, kenaka anavula buluku kuti akutumule. Nthawi yomweyo a Nasibeko anacheuka kuti afunse chimene kupalasa kwalekera.

Manyazi ndi oopsa, ana inu. Jelasi anangodziponya m'madzi, kuiwala kuti kusambira sadziwa. Kabwato kanatsika kulinga kumathithi kakuzungulira, muli apongozi, tomato ndi buluku.

Amene anapulumutsa zinthu ndi a Thombozi, ndi bwato lomwe lija lofanana ndi chodyeramo nkhumba. Anamuvuula Jelasi atamugwira kolala, atamwa madzi okwanira kuthirira dimba. A Nasibeko anakawapeza atakakamira mabango kumtunda kwa mathithi, kabwato katagadabuka, tomato atabalalika mtsinje wonse. Chimene chinatsala ndi dengu lokha, ndipo mayiwo, nkhope atayang'anitsa kumbali, analipereka kwa Jelasi kuti abise thupi. Anafika tsidya lija atavala dengu la apongozi, Elube akuona.

Ife tinaseka tsiku limenelo, sindikana, koma kusekako sikunakhalitse. Ankhoswe atapita kukapepesa, a Nasibeko anati za kunyowa alibe nazo mawu, chifukwa zovala zimauma. Koma munthu amene anamuona mmene anamuonera muja, sangathenso kumupatsa ulemu wa mkamwini, ngakhale iyeyo sangathe kuwayang'ana. Nkhani inathera pomwepo. Elube analira mpaka maso kutupa, pakuti ankamukonda Jelasiyo zenizeni, ndi kupusa kwake komwe. Patapita nthawi anakwatiwa ndi msodzi wina wa kumunsi.

Jelasi sanakwatire. Ankabwerabe ndi manachesi ake chaka ndi chaka mpaka imvi zinamera, ndipo akatha malonda ankakhala padooko kuyang'ana tsidya lija, osawoloka. Tsiku lina ndinamufunsa kuti kodi chinamusokoneza n'chiyani, pamene bwato labwino linali pomwepo. Anadzikanda pamwendo ngati nyerere zija zikumulumabe.

"Ndinayang'ana penti, m'bale wanga," anatero. "Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."