Mkaka Umene Apongozi Analawa pa Bwalo la Ndege

Kwa Olemekezeka Bwana Mkulu wa Chitetezo pa Bwalo la Ndege,

Bwana, ndalemba kalatayi nditagwada. Ndine mphunzitsi wamba wa sayansi, mayi wa khanda loyamwa, ndipo ndabwera kudzathokoza.

Sabata yatha ndinadutsa pa bwalo lanu mwana ali kumsana, ndikuperekeza apongozi anga aamuna kuchipatala cha maso. Mundilole ndifotokoze pang'ono, poti kufotokoza ndiyo ntchito yanga. Mayi woyamwitsa safuna botolo, chakudya cha mwana amayenda nacho pachifuwa. Koma mipando ya m'ndege ndi yothinana, ndipo ine anandikhazika phewa ndi phewa ndi bambo a mwamuna wanga. Pamenepo munthu sungatulutse bere. Choncho ndisananyamuke kunyumba ndinakama mkaka wanga, dontho ndi dontho, mpaka kudzaza mabotolo awiri, n'kuwaika m'kachikwama kozizira.

Choyamba, ndikuthokoza mlonda wanu wa chipewa chachikulu uja. Ananyamula botolo ndi zala ziwiri ngati bomba, n'kundifunsa kuti ndinagula ku sitolo iti, nanga bwanji palibe dzina la kampani. Nditamuuza kuti kampaniyo ndine, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, n'kundipempha lisiti.

Chachiwiri, ndikuthokoza lamulo lanu loti mkaka uzilawidwa. Nditati ndilawe, mlondayo anati mwini katundu sangakhale mboni ya katundu wake. Ndinaloza mwana, katswiri weniweni pa nkhaniyi, koma anati mboni yosalankhula siithandiza boma. Apo anatembenukira kwa munthu wamkulu amene anaima pambali panga, atagwira thalauza ndi dzanja limodzi chifukwa lamba munali mutawavula kale.

Bwana, apongozi anga panthawiyo sankaona bwino, ndipo makutu awo anapuma pantchito kalekale. Iwo anangomva zoti boma likugawa chakumwa. Ndisanatsegule n'komwe pakamwa, anali atagugudiza botolo lonse. Anapukuta ndevu, nati mkakawo ndi wabwino ndithu, kungoti shuga azichepetsako. Mlonda wanu, poti ndi munthu wakhama, anawapatsanso lachiwiri kuti atsimikize. Ndege yanu inapulumuka.

Chachitatu ndikuthokoza m'malo mwa mwana. Ndege ikamakwera, makutu a khanda amawawa, ndipo mankhwala ake ndi kuyamwa. Poti mabotolo anali atatha, mwanayo analira mpaka woyendetsa ndege ayenera kuti anamva. Ndinakamuyamwitsira m'chimbudzi, nditaima, mutu utagunda denga, anthu akugogoda panja. Pobwerera ndinapeza apongozi ali m'tulo ta munthu wokhuta, mkonono uli pakamwa.

Tsopano vuto latsala ndi ili. Maso aja madokotala awakonza, apongozi akuona ngakhale nyerere. M'mawa uliwonse pa tiyi amakankha mkaka wa m'sitolo, amati akufuna wa ku bwalo la ndege uja chifukwa unawalimbitsa mawondo. Dzulo anapeza kachipangizo kanga kokamira ndikukaumitsa pazenera, anakatembenuzatembenuza, n'kundifunsa ngati ndi lipenga. Ndinavomera. Ndinamuimbira mwana wawo, mwamuna wanga, kuti andithandize nzeru, koma anaseka mpaka foni inamugwa m'manja.

Sabata ya mawa tikubwerera kudzera pa bwalo lanu lomwelo. Apongozi agula kale kapu yawoyawo, ndipo anena kuti adzakhala patsogolo pa mzere.

Pempho langa ndi laling'ono, Bwana. Tsikulo mudzatsike mu ofesi yanu yozizira ija, mudzaime pachipata inu nomwe. Mabotolo awiri a mwana mudzawasiye adutse. Botolo lachitatu ndakamira inu, poti lamuloli ndi lanu ndipo si bwino kuti mwini lamulo azingomva kukoma kwake kwa ena. Mukadzatha kupukuta pakamwa, mudzawauze apongozi anga dzina la kampani. Mudzakweze mawu, khutu lakumanzere ndilo limamvako.

Ine wanu wogonjera malamulo nthawi zonse,

Mayi wa khanda lanjala,
Mwini kampani.